Amve ku Chipoka

M'masiku a Chitaganya, ine ndili mnyamata wandevu zongomera kumene, ndinatsika sitima pano pa Chipoka kuchokera ku Halale, nditasenza bokosi la galamafoni pamutu, m'manja ndili ndi bulangete la mnzanga Amidu. Musaleke kusoka ukondewo ananu, makutu okha ndi amene ndikuwafuna.

Amidu tinakulira limodzi, ku Mbenji tinkapalasa bwato limodzi, ndipo ku Halale tinkaumba njerwa kwa bwana mmodzi, koma chibayo chinamugwira m'nyengo yozizira, ndipo tinamuika komweko, ife alendo okhaokha. Kuno anasiya mayi ake, Abiti Selemani, ndi mkazi wake ali ndi pakati. Uthenga ndinaupereka kwa akuluakulu, sadaka inachitika, anthu n'kubalalika. Madzi akatayika saoleka.

Tsono mwa mbale zanga zinayi za galamafoni munali imodzi imene sindinkaiika. Inu lero nyimbo mumazimvera m'mafoni, zosalala ngati anachita kuzisita, woimba ali yekhayekha m'kachipinda, koma mbale imeneyo anaijambula mu holo yodzaza anthu, ndipo ine ndi Amidu tinali momwemo. Ankaimba mayi wina wamfupi wa duku lofiira, mawu ake aakulu kuposa thupi, chinenero chake ife sitinkachimva bwino, koma akakweza mawu tsitsi linkachita nyaunyau. Pakona panali azungu awiri ndi makina awo. M'mbalemo munalowa zonse: m'manja, malikhweru, mabenchi kulira, ngakhale pamene mayiyo anaseka pakati pa nyimbo mpweya utamuthera. Ukaimva, unkachita kumva fungo la thukuta la anthu.

Tsiku lina masana anzanga anandikakamiza. "Saidi, zitatuzi tatopa nazo, ika iyo ukubisayo." Ndinapukusa chogwirira cha galamafoni, n'kutsitsa singano. Anthu anadzaza pabwalo, ena atasiya nsomba pathandala. Abiti Selemani ankadutsa ndi mtsuko wa madzi pamutu, osatiyang'ana n'komwe, pakuti iwo nyimbo zotere ankati n'zosokoneza swala, mapemphero athu a Chisilamu.

Nyimbo itatha, m'manja muli wawawa, munamveka mawu a mwamuna akukuwa m'Chichewa chathu chino: "Imbanso mama, amve ku Chipoka!" Kenako kuseka, kuseka kuja kokoka mpweya ngati munthu wotsamwa.

Mtsuko sunagwe ayi. Abiti Selemani anautula bwinobwino, madzi osatayika ngakhale dontho, ndipo anabwera n'kugwada pafupi ndi bokosilo.

"Saidi mwanangu, muli ndani umu?"

Ndinati, "Ndi yemweyo, amayi. Tinali limodzi tsiku limenelo."

"Anali wokondwa chonchi?"

"Anavina mpaka nsapato inang'ambika."

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo kenako mayiwo anati, "Ine ndimaganiza kuti mwana wanga kumeneko ankangolira. Bweza ndimvenso."

Kuyambira pamenepo ankabwera Lachisanu lililonse, ife tikachoka ku mzikiti. Poyamba ankafuna kumapeto kokha, koma singano sungaitsitse pamalo amodzi osakanda mbale, choncho ankamvera nyimbo yonse, ndipo m'kupita kwa masabata ndinawaona akugwedeza phewa. Tsiku lina anati, "Mkazi ameneyu ali ndi chisoni chake, ndikumumva. Koma taonani mmene anthu akumunyamulira." Ndipo n'zoona, ananu, nyimbo yoimbidwa pamaso pa anthu imakhala ya onse amene analipo, woimba amangotsogolera.

Koma mbale za kale sizinali ngati zanuzi zimene mumabwereza usana wonse osatha. Singano inkadya mbale pang'onopang'ono, ndipo pofika nyengo ya mvula munayamba kumveka phokoso ngati usipa ukukazingidwa, mawu a Amidu n'kumapita kutali. Ndinavutika mumtima masiku ambiri, kenako ndinawauza.

"Amayi, tikapitiriza chonchi, chaka chamawa m'mbalemu simudzatsala kanthu."

Anayang'ana kunyumba kwawo, kumene mpongozi wawo ankasambitsa khanda lija linabadwa bambo ake atapita, dzina lake Mariamu. Ndipo anati, "Ine mwana wanga ndinamumva kuyambira tsiku limene analira koyamba. Uyo sanamumvepo. Tseka, umusungire."

Ndinaikulunga m'nsalu n'kuiika pansi pa sutikesi. Anzanga anandinyengerera kuti ndiitulutse, wina mpaka anafuna kundipatsa mbuzi, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ndinakana. Abiti Selemani sanapemphenso ngakhale kamodzi, ngakhale ndinkawaona Lachisanu akuchepetsa liwiro podutsa pakhomo panga. Anamwalira patapita zaka zitatu osaimvanso.

Mariamu atayamba kutunga madzi yekha, ndinaitana iye ndi mayi ake. Ndinagula singano yatsopano kwa mmwenye ku Salima. Ndinkaopa kuti mwina chinyezi chinali chitaononga zonse. Mayi wa duku lofiira anaimba, holo yonse inadzukanso, ndipo kumapeto, chapatali koma momveka, Amidu anakuwa.

Mwanayo anasuzumira m'bokosi, nayang'ana kuseri kwake, kenako anafunsa, "Ababa akuti amve ndani?"

Mayi ake, misozi ili mbwembwembwe, anati, "Akunena iwe."

"Ndamva," anatero Mariamu, akuuza bokosilo. Ndipo anaseka, kuseka kokoka mpweya, ife akuluakulu n'kungoyang'anana.

Mbaleyo anapita nayo ku ukwati wake ku Chitala, ndipo ndinamva kuti inasweka posamuka, koma iye sanadandaule kwambiri, ankati mawuwo anawasunga kale.

Tsono inu muli ndi mwayi umene ife tinalibe. Makolo anu akamaseka pakhonde, akamakuitanani mokuwa mpaka kukuchititsani manyazi pamaso pa anzanu, musathamangire kutseka makutu. Mvetserani bwino, ndipo ngati n'kotheka jambulani, ndi phokoso la nkhuku lomwe. Patsani kuno chingwecho, apa mwalumpha diso la ukonde.