Zenera limene ndinatseka ndi njerwa

Omvera anzanga, ndimakhala ku Moatize, kufupi ndi mgodi. Ndinamanga ndekha chipinda choonera kanema. Zenera ndinalitseka ndi njerwa kuti dzuwa ndi fumbi la malasha zisalowe.

Loweruka lina masana magetsi anazima. Poopa akuba, jenereta ndinailizira m'chipindamo, ana anga awiri akuonera, ine n'kutuluka.

Patapita nthawi mkazi wanga anati, "Bambo ake, anawa angoti zii bwanji? Si paja amaseka?"

Ndinakankha chitseko. Onse anali gone pansi, kanema akupitirira. Wamkulu anasanza titangomutulutsa. Wamng'ono sanavomere pomuitana mpaka tinafika kuchipatala. Adokotala anati ndi utsi wa jenereta.

Onse ali moyo. Nditabwerera ndinagumula njerwazo ndi nyundo, fumbi lizilowa. Jenereta izikhala panja, abale. Akuba akafuna atenge.