Anamubweza Pageti Chifukwa Anatchena

Omvera anzanga, ine ndimagwira ntchito yapakhomo ku Fourways, kuno ku Joni. Abwana anga anakonza nkhomaliro yolandirira mkulu watsopano wa bungwe loona za othawa nkhondo, ndipo ankafuna mayi wothawa kwawo woti mkuluyo ajambulitse naye. Ndinaitana mnzanga wa ku Congo, yemwe anamuwotchera shopu moti amagona pakhonde ndi ana. Ndinamubwereka diresi yanga yakutchalitchi, poti kwa akuluakulu sitipita ndi nsanza.

Abwana atamuona pageti anandikalipira: "Ameneyu watchena kwambiri, angamumvere chisoni ndani? Kapeze wina!"

Mnzangayo anabwerera wapansi osalawa ngakhale madzi, mkatimo alendo akuomba m'manja. Mawa lake anandibwezera diresi ija ataichapa, n'kundipepesa kuti wandichititsa manyazi.