Atikonda Sanakwere Galimoto ya Maliro

Lolemba

Chepetsani phokoso, abale omvera wayilesi, timve zilengezo za anzathu.

A Peterson Namakhwa akudziwitsa abale ndi abwenzi ku Muloza, ku Milanje kutsidya kwa malire ndi muno mu Blantyre kuti mlongo wawo, mayi Anastazia Namakhwa a ku Chigumula, atisiya dzulo m'mawa atadwala nthawi yochepa. Malemuwa ndi amene anayambitsa gulu la Khomo Lotsekula, la mabanja olera ana opanda kwawo, ndipo ana ambiri anakulira m'manja mwawo. Thupi linyamuka mawa kupita ku Muloza. Galimoto ndi imodzi, choncho akuti okwera ndi abale amagazi okha. Chilengezochi chachokera kwa a Peterson Namakhwa.

Lachitatu

Mayi Ursula Chiwaya a ku Chigumula akudziwitsa anthu onse kuti mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, dzina lake Atikonda, wasowa m'mawa uno. Ndi mwana womaliza amene malemu Anastazia amamulera. Galimoto ya maliro itanyamuka, mwanayu anatsala kwa mayi Chiwaya, oyandikana nawo nyumba. Nkhope ya malemu sanamuonetse. Pomutonthoza anangomuuza kuti amayi apita ku ofesi ku Sunnyside, kumene ankapita sabata iliyonse kukalondola mapepala oti Atikonda akhale mwana wawo mwalamulo. Wavala diresi yachikasu, tsitsi ndi losaluka. Chilengezochi chachokera kwa mayi Chiwaya.

Ine kuweruza si ntchito yanga, koma mwana muzimuuza zoona. Bodza lotonthozera limamupatsa njira yoti ayende.

Lachinayi

A Wahab Nizam, oyendetsa minibasi ya Chigumula ndi Limbe, amenenso analeredwa ndi malemu Anastazia, akudziwitsa mayi Chiwaya kuti mwana uja anakwera minibasi yawo dzulo. Iwo anali atangobwera kuchokera ku Mwanza, za maliro asanamve. Mwanayo anakhala mpando wakumbuyo, dzanja lamanja lili m'mwamba ngati wagwiridwa ndi munthu wamkulu. Pambali pake panali malo, koma kondakitala sanaitanirepo munthu, ndipo lero kondakitalayo akulumbira kuti anaona minibasi yodzaza. Potsika ku Limbe mwanayo anati, “Achimwene, amayi akuti kolala yanu yapindika.” A Wahab anaseka, nakonza kolalayo, poganiza kuti amayiwo atsikira kale mbali inayo. Akupempha anzawo onse a pamsewu wa Limbe, Makata ndi m'tauni kuti atsegule maso. Chilengezochi chachokera kwa a Wahab Nizam, amene akuti chiwongolero lero sanachigwire.

Lachisanu

Mayi Lines Matola, osesa pa ofesi ina ku Sunnyside, akudziwitsa abale a mwana wamkazi wovala diresi yachikasu kuti amupeza m'mawa uno atakhala pa benchi ya alendo. Mlonda akuti pageti sanamuone akulowa. Mwanayo ali bwino. Chakudya akukana, akuti wadya kale. Tsitsi lake lalukidwa kumene, mizere yoongoka bwino, ndipo mayi Matola akuti malukidwe amenewo akuwadziwa, chifukwa ana onse amene mayi Anastazia ankabwera nawo pa benchi imeneyo ankalukidwa choncho. Atamupempha kuti alowe mkati, mwanayo wayankha kuti, “Amayi akuti tisachoke mpaka abwere wonditenga.” Chilengezochi chachokera kwa mayi Matola.

Kumbali kuno kwandizizira, abale, ndipo zenera ndi lotseka. Amene mukumudziwa mwanayu, musadikire kuti kuche kawiri.

Loweruka

Ndawerenga zilengezo zaka zambiri, za maliro, za mbuzi zosowa, za misonkhano ya mpingo. Chopita kwa munthu amene ali m'manda sindinachiwerengepo. Ndinafuna kukana, koma obweretsawo anaima pakhomo ali gulu, amuna andevu ndi amayi obereka ana kumsana, ndipo palibe anakhala pansi. Ndichiwerenga monga achilembera.

Ana onse amene anakulira m'nyumba ya mayi Anastazia Namakhwa akudziwitsa amayi awo, amene agona ku Muloza, kuti Atikonda wapezeka. A Wahab ndi akazi awo mayi Rania amutenga, ndipo Lolemba ayamba kulondola mapepala aja pamene inu munalekera. Gulu la Khomo Lotsekula silitseka. Mwana tamuuza zoona, walira, wagona. Mawa m'mawa minibasi ya a Wahab inyamuka pa Chigumula kubwera naye kumanda kuti adzatsanzike, ndipo wofuna kukwera safunsidwa za magazi.

Koma amayi, dzanja lake lamanja likadali m'mwamba. Tikamugwira lamanzere amabwera, lamanjalo akuti muli inu. Mwatiyendetsa tonse, mwatopa. Womutenga uja wabwera. Musiyeni tsopano.

Chilengezochi chachokera kwa ana anu, amene m'galimoto munalibe malo awo.