Wina Watsala

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Area 23 ndi inu akutali amene mumawerenga zimene ndimalemba. Ambiri mwakhala mukundifunsa za ulendo wanga wa ku India, ine n'kumangokuyankhani za kutentha ndi tsabola. Lero ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene sitima inandisiya pa kasiteshoni ka kuthengo, ndilibe pasipoti, ndilibe foni, ndilibe ndalama, shuga akutsika m'thupi mwanga.

Kuti mumvetse bwino, ndiyambire pa akazi anga, Anaphiri, amene Ambuye anawatenga chaka chimodzi ndisananyamuke. Tonsefe kwathu ndi ku Ntcheu. Tikamapita kumudzi pa basi, ine ndinkakonda kutsika pa Lizulu kukagula kachewere ndi kabichi, ndipo ndinkachedwa nthawi zonse chifukwa chonenerera mtengo. Basi ikaliza hutala n'kuyamba kusuntha, Anaphiri ankamenya galasi ndi chikhatho uku akukuwa, "Adalaivala imani! Wina watsala! Bambo a Tadala atsala!" Basi inkaima, ine n'kukwera thukuta lili kamukamu, kondakitala akundinyoza, "Madala, kapena tikusiyeni mugone pompano ndi kabichi wanuyo?" Anthu ankaseka, Anaphiri n'kuchotsa chitenje chimene anandisungira nacho mpando. Zaka zonsezo ndinazolowera kuti galimoto siisiya munthu, chifukwa m'katimo mumakhala wina wokukumbukira.

Atamwalira, nyumba inakhala zii. Mwana wathu Tadala anakwatiwa ku Mzuzu, ndipo ine ndinkati ndikaweruka ndinkazungulira dala pamsika kuti ndifike kunyumba mochedwa. Ntchito yanga ndi ya zamagetsi. Kuntchito atanditumiza ku maphunziro aafupi a magetsi oyendera dzuwa mumzinda wina wa kumwera kwa India, ndinakondwa, osati chifukwa cha maphunzirowo, koma chifukwa chochoka m'nyumba muja. Maphunziro atatha anzanga anathamangira kukagulira akazi awo nsalu ndi zibangili. Ine ndinalibe womugulira. Ndinali ndi masiku a tchuthi amene ndinali ndisanatenge, choncho ndinasunthira kutsogolo tikiti yobwerera, n'kugula chikwama chachikulu chobereka kumsana, n'kuyamba kuyenda ndekha pa sitima, mzinda ndi mzinda.

Abale, sindinaonepo anthu ochuluka ngati a dziko lija, ndipo sindinasungulumwepo ngati mmene ndinasungulumwira pakati pawo. Ndinkagona m'tizipinda totsika mtengo, chokupiza mphepo chikulira kudenga. Ndinaona akachisi osemedwa pa mwala umodzi, ndinaona mapiri a tiyi oposa a ku Thyolo, ndinaona ng'ombe zitagona pakati pa msewu magalimoto akuzilambalala mwaulemu. Ndinkajambula zithunzi, kenako n'kuyang'ana foni osadziwa woti ndimutumizire. Achinyamata ankandipempha kuti ajambulitse nane, n'kumapita osandifunsa ngakhale dzina. Lamulungu lina ndinapeza tchalitchi n'kukhala kumbuyo, koma pa mapemphero onse ndinangomva mawu amodzi okha, Ameni. Pemphero langa linali litauma.

Anzanga a komweko anali atandichenjeza zinthu ziwiri. Anati m'sitima ndisadye chakudya cha munthu wosamudziwa, chifukwa akuba ena amaikamo mankhwala ogonetsa, komanso chikwama ndizichimangirira ku chitsulo cha pansi pa mpando ndi unyolo ndi loko. Malangizowo anali abwino, koma ine ndinawagwira mopitirira muyeso, mpaka nkhope iliyonse ndinkaiona ngati ya wakuba.

Tsiku limenelo ndinakwera sitima m'mamawa kulowera kumpoto. Moyang'anizana nane munakhala nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi wake. Abambowo anali a imvi, ovala magalasi ochindikala, ndipo ankadziwa Chingerezi pang'ono. Amayiwo anali aafupi, ovala nsalu yobiriwira, ali ndi kadontho kofiira pamphumi, ndipo Chingerezi sankachidziwa n'komwe. Sanali a chikhulupiriro chathu. Abambowo anandifunsa kumene ndikuchokera, ine ndinayankha liwu limodzi, Malawi, n'kutembenukira pawindo.

Dzuwa litakwera amayi aja anatsegula tizitini tachitsulo tosanjikizana, n'kundiikira mpunga pa tsamba la nthochi, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinakana. Kwathu kukana chakudya chimene wapatsidwa ndi manja awiri ndi chipongwe, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo, komabe ndinakana. Patapita nthawi anatulutsa kampeni n'kusenda gwafa, n'kundilozera chidutswa. Ndinakananso. Anayankhula kanthu kwa amuna awo, iwo n'kundimasulira akumwetulira, "Akuti mwaonda kwambiri. Akufunsa ngati kwanu kulibe wokuphikirani." Mawuwo anandilasa pachilonda.

Ine ndimadwala matenda a shuga, ndipo m'mawawo ndinali nditamwa piritsi langa ndi tiyi yekha, poganiza kuti ndigula chakudya pa siteshoni yaikulu. Masana sitima inaima pa kasiteshoni kakang'ono pakati pa minda youma, kudikira kuti inzake idutse. Amuna angapo anatsika kukawongola miyendo. Nanenso ndinatenga botolo langa kukatunga madzi pa mpopi umene unali kumapeto kwenikweni kwa siteshoniyo. Foni ndinaisiya ikutchajidwa pakhoma. Pasipoti, ndalama, mankhwala ndi maswiti amene ndimayenda nawo shuga akatsika, zonse zinali m'chikwama, chomangidwa bwino ndi unyolo. M'thumba mwanga munali kiyi wa loko basi.

Sitima ina ija inadutsa ndi phokoso lalikulu. Yathu inalira kamodzi. Botolo linali lisanadzaze, ndipo m'mutu mwanga kulira koyamba ndi kongochenjeza, monga basi ya pa Lizulu. Nditacheuka ndinaona ikusuntha pang'onopang'ono, amuna aja akudumphiramo mmodzimmodzi. Ine sindinathamange. Ndinakweza dzanja ngati ndikuimitsa minibasi pa steji, n'kumayenda ndawala, ndikugwedeza botolo, ndikukuwa m'Chichewa, "Imani! Imani!" Pamene ndinazindikira kuti palibe amene aime, ngolo yomaliza ya sitimayo, imene kumeneko amati bogi, inali itandipitirira. Ndinaithamangira mpaka pamene simenti inathera, patapata mmodzi n'kuduka.

Kenako kunangoti zii. Njanji ziwiri zikunyezimira, galu atagona pansi pa benchi, mphepo yotentha ngati ya m'uvuni. Ndinapita ku ofesi kumene kunali bambo woyang'anira siteshoniyo, wovala zoyera, mbendera zake ziwiri zili patebulo. Anandifunsa nambala ya sitima, nambala ya bogi, nambala ya mpando. Zonsezo zinali mu foni. Tinayesa kumvana ndi manja, koma pomaliza anangondilozera benchi kuti ndikhale.

Nditakhala pabenchipo ndinayamba kumva chimene ndinkaopa. Manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira likutsika kumsana m'kutentha konse kuja, maso akuchita chidima m'mbalimbali. Amene mumadwala shuga mukudziwa kumene njira imeneyo imakathera. Panalibe sitolo, panalibe wogulitsa kanthu, ndipo ngakhale akanakhalapo ndinalibe chogulira. Ndinaganiza kuti ndikagwa pano adzapeza munthu wakuda wopanda pepala lililonse, wokhala ndi kiyi mmodzi m'thumba. Tadala adzandidikira pabwalo la ndege osadziwa kofunsa. Malo amene ndinasiya pambali pa manda a Anaphiri adzamera udzu. Koma chimene chinandiswa mtima kwambiri sichinali imfa ayi. Chinali kudziwa kuti m'sitima yodzaza anthu chotero munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti mpando wanga uli wopanda munthu, ndipo ine ndemwe ndinali nditaonetsetsa kuti zikhale choncho.

Pamenepo ndinapemphera, ndipo silinali pemphero lokongola. Ndinati, "Ambuye, wondikuwira uja munamutenga. Tsopano andikuwire ndani? Inu amene mumasiya nkhosa zonse m'khola kukafuna yotayika, ine ndatsala." Ndinatsamira khoma n'kutseka maso.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani pamene ndinamva foni ikulira mu ofesi muja. Bambo uja anayankhula kwa kanthawi, kenako anatuluka mofulumira n'kundiloza, "Afirika? Malawi?" Ndinagwedeza mutu. Atandiyang'anitsitsa n'kuona mmene ndinkanjenjemerera, anathamangira m'kati n'kubwera ndi tiyi wake wamkaka, wotsekemera ngati uchi, n'kundigwirizira kapu pakamwa. Maso anayamba kuyera. Itafika sitima ina yoyenda pang'onopang'ono, yoima paliponse, anandigwira mkono n'kundipereka kwa wantchito wa m'sitimamo, uku akumuuza malo oti akanditsitse.

Ndinatsika pa siteshoni yaikulu dzuwa litapendeka, wopanda patapata phazi limodzi, anthu akundikankha uku ndi uku. Ndinkayembekezera kuona wapolisi. Koma pansi pa chipilala china ndinaona nsalu yobiriwira. Amayi aja anali atakhala pamwamba pa chikwama changa ngati nkhuku yofungatira mazira, amuna awo ataima pambali ndi katundu wawo yense.

Atangondiona anadzuka n'kuyamba kundikalipira m'chinenero chawo, chala chili m'mwamba, osapumira. Sindinamve liwu ngakhale limodzi, koma kakalipidwe kameneko ndinkakadziwa bwino. Abambowo anaseka n'kunena kuti, "Akuti ndinu mwana wopusa wa imvi." Amayiwo anamasula mfundo ya pangodya ya nsalu yawo, monga amachitira amayi athu ndi chitenje, n'kutulutsamo foni yanga.

Abambowo anandifotokozera zonse. Sitima itayamba kuyenda ine osaoneka, amayi anayamba kumenya zitsulo za pawindo n'kumakuwa mpaka bogi yonse inadzidzimuka. Anafuna kukoka chingwe choimitsira sitima, koma amuna ena anawagwira dzanja poopa chindapusa. Pamenepo anauza amuna awo kuti atsika pa siteshoni yotsatira. Chikwama chinali chomangidwa, kiyi ali ndi ine, ndiye anatenga kampeni kawo ka gwafa kaja n'kudula lamba amene unyolo unadutsamo. Atatsika anapempha oyang'anira siteshoniyo kuti aimbe foni ku kasiteshoni kaja kundifunafuna. Iwowo anali pa ulendo wokaona mdzukulu wawo woyamba, amene ankamupatsa dzina madzulo a tsiku lomwelo, ndipo chifukwa cha ine mwambowo unali woti uwadutsa.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanangosiyira chikwamacho apolisi n'kupitiriza ulendo. Abambowo anavula magalasi n'kuwapukuta. "Inenso ndinawauza zomwezo," anatero. "Iwo anati apolisi sakudziwa kuti munthuyo sanadye."

Amayi anali atatsegula kale tizitini tawo. Anandiikira mpunga uja ndinaukana m'mawa, wozizira tsopano, ndi ndiwo za mphodza zowawasa, n'kundipatsanso ndi manja awiri. Ndinakhala pansi pasimenti n'kudya, misozi ikugwera m'chakudyamo, iwo ataimirira pamutu panga kuonetsetsa kuti ndamaliza. Nditakhuta ndinafunsa abambowo chimene amayi ankanena pokuwa m'sitima muja. Anaganiza pang'ono pofunafuna mawu a Chingerezi, kenako anati, "Ankangobwereza kuti, imani, munthu watsala, munthu watsala."

Abale anga, nthawi imene ndinkalira pabenchi paja kuti palibe wondikuwira, n'kuti mayi amene sindinamupatse ngakhale moni atakuwa kale mpaka mawu kusasa. Mulungu anayankha ndisanapemphe, ndipo anayankha kudzera mwa munthu amene ine ndinamuyesa wakuba. Sanafunse kuti amapemphera kuti. Anangomupatsa maso oona mpando wopanda munthu.

Tinasiyana pa siteshoni pomwepo, iwo kudikira sitima ya mawa lake, ine kubwerera kumwera. Dzina la amayiwo ndinalimva kamodzi koma lilime langa silinaligwire, ndiye ndimawatchula kuti Amayi basi ndikamawapempherera. Ulendo wotsalawo ndinkapatsa moni aliyense wokhala naye pafupi, ndipo Tadala anayamba kulandira zithunzi mpaka anandiimbira kuti, "Ababa, mwandithera bandulo!"

Sindikunamizani kuti kusungulumwa kunatha. Ndinabwerera ku nyumba yomwe ija, ndipo madzulo ena ndimaimabe pageti ndisanalowe. Koma ndikuthokoza Ambuye amene anandichotsa pabenchi paja ndi moyo, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha nkhalamba ziwiri zija ndi bambo wa tiyi uja. Chikwamacho chili pa msomali kuchipinda ndi lamba wake wodukayo, sindinamusoketse. Unyolo unapita ndi sitima, mwina ukuyendabe mpaka lero pansi pa mpando uja, uli wokhoma bwinobwino osasunga kanthu. Kiyi wake ndinamuphatikiza ndi makiyi a nyumba, ndipo ndimamukhudza tsiku lililonse ndikamatsegula chitseko.

Inu amene mwaferedwa, inu amene mukuona ngati onse apita n'kukusiyani, musaleke kupemphera ngakhale mawu akhale ochepa ndi osalongosoka ngati anga aja. Limbani mtima, ndipo dzanja likakutambasulirani chakudya, muyambe mwayang'ana nkhope ya mwini wake musanakane. Mwina simukumva, pakuti sitima ili patali, koma m'katimo muli wina amene akumenya pawindo chifukwa cha inu. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.