Kachipangizo Kamene Ndinasokerera M'jekete la Bambo Anga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amene mukusamala kholo lodwala pakhomo. Ine ndine Mervis, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kuno ku Mzimba boma, koma kwathu ndi ku Ntcheu. Ndikufuna ndikuuzeni za bambo anga, amene anagwidwa ndi matenda oiwala a ukalamba, komanso za tsiku limene anandisowa nzeru zanga zonse zitathera panjira.

Bambo anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi mpaka kupuma. Mayi atamwalira ndinawatenga bambo kuti tizikhala limodzi, poti mchimwene wanga ali ku Joni. Poyamba ankaiwala zinthu zazing'ono, pamene aika magalasi, kapena ngati adya kale. Kenako anayamba kundiiwala ineyo. Ankandipatsa moni mwaulemu ngati mlendo, n'kundifunsa ngati ndaona mwana wawo wamkazi. Kuchipatala sanatibisire, anati mankhwala ochiza palibe, chofunika n'kuwasamala basi.

Chovuta kwambiri chinali kuchoka pakhomo. M'maganizo mwawo anali adakali pantchito, ndipo alimi ankawadikira kumunda. Ankangovala jekete lawo lakuda, lomwe sankasiyana nalo, n'kutuluka. Ine ndikakhala kusukulu ankawayang'anira ndi a NyaGondwe, mayi amene tinayandikana nawo nyumba, koma nawo anali ndi ntchito zawo. Ndinayesapo kuwatsekera m'nyumba. Anamenya chitseko mpaka manja kutupa, akulira ngati mwana, ndipo sindinabwerezenso. Ndinawagulira foni, anakaisiya kosadziwika. Tinawapezapo kumsika, tinawapezapo kudepoti akufunsa basi ya ku Tsangano.

Mantha anga aakulu sanali a galimoto ayi. Bambo Chitumbuka sadziwa. Ndinali nditamvapo zimene zimachitikira nkhalamba yachilendo ikapezeka m'mudzi, ikulephera kunena dzina lake ndi kumene yachokera. Ena amafulumira kunena kuti ndi mfiti yomwe yagwa ikutamba, ndipo miyala imayamba mafunso asanayambe.

Kusukulu kwathu timaphunzitsa ana timabodi tating'ono ta kompyuta, tomwe umatilembera malangizo kuti tiyatse babu kapena tiyeze kutentha. Tsiku lina ndikulongedza timaboditi ndinaganiza kuti kamodzi katalumikizidwa ndi kachipangizo ka GPS, kakhoza kumandiuza kumene bambo ali. Zopangidwa kale zongogula ndinazisaka m'tauni muno koma sindinazipeze. Amene anandithandiza ndi Che Saidi, Msilamu wa ku Mangochi amene amagulitsa zipangizo za mafoni kumsika. Anatuma mnzawo wopita kunja kukapikula katundu, ndipo anabweretsa kachipangizo ka GPS ndi kena kolowetsamo simu khadi.

Ka GPS kaja n'kakang'ono, sikaposa bokosi la machesi. Kali ndi miyendo inayi: iwiri ya moto, umodzi wolankhulira ndi wina womvera. Pamwamba pake pali eriyo yooneka ngati kachidutswa ka thayilo, yomwe iyenera kuyang'ana kumwamba. Ikoko sikatumiza kanthu kumasetilaiti, kamangomvetsera, ndipo kakamva osachepera anayi kamawerengera pamene kali, kanyali kake n'kuyamba kuphethira. Cholinga changa chinali chakuti ndikatumiza meseji ku simu khadi ija, bodi ifunse GPS, kenako indiyankhe ndi manambala a malowo kuti ndiwaike pa mapu a m'foni.

Pofotokoza zimamveka zophweka, koma ine zinandiliza. Nditawotcherera mawaya koyamba, pa laputopu sipanatuluke kanthu, kufikira nditazindikira kuti mwendo wolankhulira wa GPS uyenera kupita ku mwendo womvera wa bodi. Nditakonza zimenezo mizere ya malemba inayamba kutsika, koma pamalo a manambala panali timipatuliro tokhatokha, umboni wakuti palibe setilaiti yomwe ikumveka. Denga la malata linkatchinga. Panja, pakati pa mpanda ndi mtengo wa mango, kankatenga nthawi yaitali kasanaphethire. Kakaphethira, ndiye kachipangizo ka simu khadi kankakoka moto wambiri potumiza meseji, bodi yonse n'kuzima, zonse n'kuyambiranso. Ndinaika batire lamphamvu ndi kapasita, kachipangizo kosungako moto pang'ono, vuto limenelo linatha.

Koma linatsala lina lomwe linandikanika. Ndinaika zonse m'kabokosi ka sopo, n'kukulunga m'pulasitiki, n'kusokerera m'thumba lam'kati la jekete, chifukwa chilichonse chooneka bambo ankachizula. Patebulo panja kankagwira bwino. Bambo akavala jekete, eriyo inkatembenukira kuchifuwa, thupi lawo n'kutchinga, ndipo yankho linkangobwera lomwe ndinalilemba ndekha m'malangizo, lakuti “malo sakudziwika.” Kunkafunika eriyo ya waya wautali yoti ifike paphewa. Che Saidi anaiitanitsa, koma mnzawo uja anali asanabwere. Ndinkatchaja batire m'mawa uliwonse, ndikudziwa kuti ndikutchaja chinthu chosandithandiza.

Inali nyengo yozizira, ndipo amene mumaidziwa Mzimba mukudziwa mphepo yake. Tsiku lina ndili m'kalasi a NyaGondwe anandiimbira. Anati anangopita kukatunga madzi, pobwera anapeza geti lili pululu. Ndinasiya ana ndi mphunzitsi mnzanga, n'kuthamanga. Ndinafika kudepoti, kumsika, kuchipatala, kupolisi. Apolisi anandimvetsera bwino n'kulonjeza kudziwitsa anzawo. Anyamata a kabaza ndinawafunsa mmodzimmodzi, aliyense akupukusa mutu. Amayi a kutchalitchi kwathu anagawana misewu, ena cha ku mtsinje, ena njira ya ku Jenda.

Ine ndinkangotumiza meseji. Malo sakudziwika. Ndinkayenda pang'ono, n'kutumizanso. Malo sakudziwika. Yankho lija linkandiuza kuti bambo ali kwinakwake kumene netiweki ikufika, mwina pafupi, mwina kuseri kwa nyumba yomwe ndangoidutsa, koma silinkandiuza kuti ndi kuti. Dzuwa litapendeka ngakhale yankho limenelo linasiya kubwera. Sindinadziwe ngati batire latha, ngati alowa kopanda netiweki, kapena ngati wina wawavula jekete.

Ndinakathera kuseri kwa msika. Ndinakhala pakhonde la sitolo yotseka, fumbi lili thoo m'mapazi, anthu akundidutsa. Ndine munthu wopemphera kuyambira ubwana, koma tsiku limenelo mawu okonzeka bwino ndinalibe. Ndinangoti, “Ambuye, ine zandikanika. Inu mukuwaona kumene ali. Ngati sindiwapeza ine, awapeze munthu wachifundo.” Nditatsegula maso palibe chinasintha. Foni inali zii. Mphepo inayamba kuwomba, ndipo ndinkaganiza za nkhalamba ya mafupa okhaokha ikugona patchire. Sindikubisirani, ndinayamba kuganiza za mmene ndidzamuuzire mchimwene wanga.

Che Saidi ndi amene anandipeza pamenepo. Anali atamva kale kwa anyamata a kabaza. Sanandilimbikitse ndi mawu ambiri, anangokhala chapatali pang'ono pakhonde lomwelo, n'kunena kuti, “Aphunzitsi, tumizaninso.”

Ndinawauza kuti kachipangizo kasiya kuyankha, batire liyenera kuti latha.

“Tumizani basi. Meseji siluma.”

Ndinatumiza kuti ndingowasangalatsa. Patapita kanthawi foni inanjenjemera m'manja mwanga, ndipo pagalasi panali manambala, mizere iwiri yathunthu. Che Saidi anandithandiza kuwakopera pa mapu. Kadontho kanagwera kum'mwera chakumadzulo, mbali ya ku Manyamula, kutali ndi msewu, kumene sindinafikeko chibwerere ku Mzimba. Ndinakayika, poganiza kuti munthu wokalamba choncho sangafike kumeneko wapansi. Ndinatumizanso, manambala anabwera omwewo.

Che Saidi anakoka chitseko cha shopu yawo makasitomala ali pomwepo, n'kuliza njinga yamoto. Tinayenda mumsewu wafumbi, ine kumbuyo foni ili m'manja, ndikuwauza kuti kumanzere, kumanja. Tinasiya msewu n'kulowa tinjira ta ngolo, kudutsa minda yokololedwa ndi ng'ombe zobwerera kukhola. Penapake netiweki inathawa, koma mapu anali atatseguka kale, ndipo kadontho kathu kanapitiriza kuyandikira kadontho kawo. Njira yonse ndinkaopa chinthu chimodzi: manambala aja sankasuntha. Munthu wamoyo amasuntha.

Tinafika pakhomo lina pachitunda, nyumba ya njerwa zosawotcha ndi nkhokwe pambali. Panja panalibe munthu. Pathandala la mbale panali jekete la bambo, lotembenuzidwa kunja kukhala m'kati, lonyowa, matope ali mbuu. Ndinaligwira, kabokosi kanali momwemo, kakuyang'ana kumwamba. M'munsi mwa chitundacho ndinaona dambo ndi madimba. Ndinadziwa kuti bambo alowa m'madzi, ndipo ndinangokhala pansi pomwepo. Anaodira ndi Che Saidi.

M'khitchini munatuluka mayi wachikulire, wamfupi, atamanga duku. Pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi a NyaShaba, ndipo amakhala okha. Anandiyang'ana n'kufunsa m'Chitumbuka ngati ndikufuna adada. Ndinangogwedeza mutu.

“Njirani, ŵali muno,” anatero, akundikodola kuti ndilowe.

Bambo anali pampando pafupi ndi moto, atafunda bulangeti, atavala malaya a malemu amuna awo a mayiwo, kapu ya tiyi ili m'manja. Pachipumi panali bala laling'ono. Ankawafotokozera a NyaShaba kuti tomato wawo wabzalidwa mothithikana, ndipo mayiwo ankavomera ngakhale theka la mawuwo sankalimva. Ndinagwada n'kugwira mapazi awo, anali ofunda. Ndinalira mpaka bambo anandisisita kumutu, n'kundiuza kuti ndisadandaule, tomatoyo achira.

A NyaShaba anafotokoza mosakaniza Chitumbuka ndi Chichewa, Che Saidi akumasulira pomwe ndasochera. Anati anamva kuti munthu wina wa ngolo anawakweza bambo panjira, poganiza kuti akudziwa kumene akupita, n'kuwatsitsa pamphambano. Iwo ataona madimba anatsikira komweko, ndipo anaterereka n'kugwera m'chitsime chothirira mbewu. Madzi ankawalekeza m'chifuwa, makoma oterera, kutuluka kunakanika. A NyaShaba anamva kubuula akupita kukathirira. Anawaponyera chitenje, n'kukoka mpaka anatuluka. Anthu ena atamva anabwera, ndipo mmodzi anayambadi kufunsa kuti nkhalamba yosadziwika ikufuna chiyani m'chitsime cha eni. Mayiwo anawayankha kuti mlendo ali pakhomo pawo, ndipo wofuna kumufunsa mafunso adikire ayambe wafundidwa. Anthu aja anabalalika.

“Mbwenu ndinawavula jekete kuti liume,” anatero. “Ndinaona kanthu kolimba m'thumba, ndinati ni mankhwala ghawo, ndisakhudze.”

Abale anga, taganizani. Mayi amene sadziwa kuti kumwamba kuli masetilaiti anatembenuza jekete n'kuliyanika pamalo poyera, pachitunda pomwe netiweki imafika, eriyo itayang'ana kumwamba, chinthu chimene ine ndinalephera kuchita ndi mawaya anga onse. Akanaliyanika m'khitchini pafupi ndi moto, sindikanalandira kanthu. Madzi sanalowe m'pulasitiki muja. Pamene tinkanyamuka ndinayesa kutumizanso meseji, ndipo kachipangizo sikanayankhe, batire linali litatha. Wina anena kuti zinangochitika. Ine ndinali pakhonde lija, ndikudziwa chimene ndinapempha.

Che Saidi anaimbira mnzawo wagalimoto kuti adzatitenge, iwo n'kumatitsatira pambuyo panjinga mpaka kuchipatala. Bambo anagonekedwa chifukwa cha chifuwa, koma anatuluka. Ndinkafuna kuwathokoza a NyaShaba ndi kanthu, anakana, anangoti, “Yewo chomene, mukaŵasunge makora,” kutanthauza kuti zikomo kwambiri, mukawasamale bwino. Ndimapitako ndikapeza mpata, ndipo bala la chitenje chija lomwe linawatsalira m'manja ndinaliona ndi maso anga.

Sindikuuzani kuti bambo anachira, chifukwa sanachire. Matendawa akupitirira, ndipo masiku ena ndimatopa mpaka kusowa chonena pamaso pa Mulungu. Eriyo ija inafika, ndinaisokerera paphewa, ndipo tsopano kachipangizoka kamayankha bwino, ngakhale m'nyumba za malata kamasowabe chonena. Amayi a kutchalitchi anagawana masiku odzakhala nawo, kuti a NyaGondwe azipumako. Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira anthu awiri omwe sindikanawaganizira, wina wopemphera kumzikiti, wina wolankhula chinenero chomwe ndimachimva mwa apo ndi apo.

Inu amene mukusamala wodwala ndipo simukuona kumene zikupita, musaleke. Chitani kachinthu kamene manja anu angathe, ngakhale kakuoneka kosagwira ntchito, ndipo pempherani ngakhale mawu atakhala ochepa. Wokuthandizani mwina simunakumane naye n'komwe, ali kudimba kwake akuthirira. Ambuye akupatseni mphamvu za lero, ndipo mukamagwada mutikumbukireko ine ndi bambo anga.