Ndinalalikira M'khutu mwa Ada Longwe

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene mukuwerengera mawu ano. Ine ndine mlaliki kumudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja, kupitirira Kande, m'boma la Nkhata Bay. Ndikufuna ndikufotokozereni za nthawi imene mawu anga anatha. Sikuti ndinasowa chonena ayi, zonena zinali zodzaza mutu, koma pammero ndi pamene panatsekeka. Mlimi khasu likamuthyokera amakabwereka kwa mnzake, nanga mlaliki mawu akamuthera akabwereka kwa yani? Funso limeneli linandisowetsa mtendere kwa miyezi yambiri.

Kwathu ndi ku Ntchisi. Kuno ndinabwera kudzagwira ntchito m'munda wa mitengo ya labala, kucheka makungwa m'mamawa kuti utomoni utsikire m'tizikho. Masiku amenewo mawu ndinali nawo, osati masewera. Ndikayambitsa nyimbo pamzere wanga, anzanga a mizere yakutali ankayankha. Tsiku lina abusa ena okalamba, amene pano anatisiya, anandimva ndikutsogolera mapemphero a anzanga apantchito. Atatha mapemphero anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, mawu amenewa Mulungu sanakupatse kuti uziimbira mitengo." Ndi mmene ndinayambira. Ananditumiza kukaphunzira, kenako mpingo unandituma kunyanja kuno. Choncho m'mutu mwanga maitanidwe ndi mawu aakuluwo zinali chinthu chimodzi.

Kuno anthu amalankhula Chitonga. Achinyamata Chichewa amachimva bwino, koma okalamba ambiri amangotolako apa ndi apo. N'chifukwa chake m'tchalitchi mwathu mlaliki wochokera kwina saima yekha kuguwa, amaima ndi womasulira. Wanga anali mkulu wina wa mumpingo mwathu, msodzi wakale, wamfupi, wadazi, dzina lake Ada Longwe. Ada ndi mmene amatchulira bambo kuno, mayi amati Ama. Bambo amenewa ankandidabwitsa. Ine ndinkanena chiganizo chachifupi, iwo n'kuchikoka mpaka ine kuiwala pamene ndinalekezera. Nthawi zina mpingo wonse unkafa ndi phwete pamalo pamene ine sindinaseketse munthu. Tikaweruka ndinkawatsatira n'kuwafunsa kuti, "Kodi paja anthu anasekapa, munati chiyani?" Iwo ankangoyankha kuti, "Ndangothirako mchere, a Mlaliki. Ndiwo zanu n'zabwino, koma mchere wa kuno ndi wina."

Kufunsa ndiye matenda anga akale. Mayi a kunyumba amati ndinabadwa funso lili m'kamwa. Nditangofika ndinkafunsa chilichonse: chifukwa chimene chinangwa amachiviika m'madzi chisanakhale ufa wa kondowole, mmene msodzi amadziwira kuti lero mwera uwomba, chifukwa chimene mwana wakutiwakuti anam'patsira dzina lachisoni chotero. Ena ankatopa nane, ine n'kumadziteteza kuti safunsa anadya phula.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tinali ndi msonkhano wachitsitsimutso pamchenga, mwera ukuwomba, mafunde akusokosera, chimkuzamawu chathu chitafa. Ine ndinati nyanja singandipose, ndipo ndinalimbana nayo ndi mmero wanga mpaka msonkhano kutha. M'mawa mwake mawu anali atasasa. Ndinati n'chimfine, ndinamwa mandimu, uchi, jinja, zonse zimene amayi a mumpingo ankabwera nazo, uku ndikupitiriza kulalikira. Lamulungu lina ndili pakati powerenga Mawu, pakamwa pankatseguka koma chotuluka panalibe. Ada Longwe anandiyang'ana kudikira choti amasulire, ine ndikungotulutsa mpweya.

Ku chipatala cha kufupi ananditumiza ku Mzuzu. Adokotala atandiunika pammero anandiuza kuti timinofu totulutsa mawu tatupa ndipo tachita zipsera. Anati ndisakuwenso, ndisaimbe, ndizilankhula motsitsa komanso pang'ono. Ndinawafunsa, mwa kamawu kamene kanatsalako, ngati mawu akale aja adzabwerera. Sanandinamize. Anati mwina pang'ono, koma monga kale ayi.

Abale anga, ndinabwerera kunyumba n'kuleka kulalikira. Lamulungu ndinkakhala pampando wakumbuyo, akulu a mpingo n'kumasinthana kulalikira. Nyimbo ikayamba ndinkangogwedeza mutu, misozi ili m'maso. Anthu ankandimvera chisoni, ndipo chisoni chawocho chinkandiwawa kuposa mmero. Abusa amene amayang'anira dera lathu anabwera panjinga yamoto kuchokera ku Chintheche kudzandizonda. Ndi munthu wachifundo, koma sabisa Chichewa. Anandiuza kuti mpingo sungakhale mpaka kalekale ndi mlaliki wosalankhula, ndipo akadzabwera kudzadyetsa Mgonero akulu a mpingo adzakhala pansi kuti aone chochita. Ndinamva bwino lomwe tanthauzo lake. Nyumba imene tinkakhala ndi ya mpingo, ana anali pasukulu ya pompano, ndipo ku Ntchisi ndinachokako kalekale moti ngakhale malo omanga khumbi ndinalibe. Mayi a kunyumba sanadandaule, koma ndinawaona akutsuka matumba athu akale a paulendo n'kuwayanika kuseri kwa nyumba kuti ine ndisaone.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale m'chisoni chimenecho, kufunsa sikunandisiye. Kungoti tsopano ndinkafunsa Mulungu. Masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumuunjikira mafunso mumtima. Kodi munandiitana ine kapena munaitana mmero wanga? Ngati munaitana mmero, ndiye kuti ntchito yatha, ndiuzeni ndizipita. Ngati munaitana ine, nanga munthu wopanda mawu mukufuna mumugwiritse ntchito yanji? Kodi utumiki umakhala pati kwenikweni? Yankho silinkabwera, ndinkangomva nkhuku ndi mafunde. Panafika nthawi imene ndinaleka n'kupempha komwe kuti ndichire, ndinkangoti, "Ambuye, mungondidziwitsa, ngakhale yankho likhale lowawa."

Kutatsala pang'ono kuti Mgonero ufike, m'mudzi munagwa zovuta. Anamwalira mayi wina wokalamba kwambiri, Ama NyaManda, amene ankakhala yekha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinaona Ada Longwe akubwera kwathu atavala jekete lawo la Lamulungu. Atakhala pansi anandiuza kuti malemuwo anasiya mawu kwa adzukulu awo: pamaliro pawo alalikire a Mlaliki, osati wina. Kuno mawu a munthu amene wapita saponderezedwa, banja silingagone tulo. Ine ndinaloza pammero panga, mutu utaima.

Ada Longwe anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro. "A Mlaliki, inu mumakonda kufunsa, lero ndikufunseni ine. Zaka zonsezi, Ama NyaManda ankamva mawu a yani, anu kapena anga? Chichewa chanu chija ankachimva ngati mvula padenga la malata. Uthenga unali wanu, pakamwa panali panga. Ndiye chasintha n'chiyani? Inu mukhala pampando, ine ndiwerama, mundiuze m'khutu."

Kunena zoona zinandipweteka pang'ono. Mawu anga aja, amene ndinkayesa kuti ndiwo ankagwedeza tchalitchi, kwa theka la mpingo anali phokoso lodikirira kuti Ada Longwe ayambe. Koma funso lina linali litabadwa kale. Ndinawakokera pafupi n'kuwafunsa motsitsa kuti, ngati mayiwo sankandimva, anandisankhiranji?

"Mukukumbuka tsiku limene tinakawaona akudwala?" anatero. "Munaona nkhafi yakale yopalasira bwato itapachikidwa kudenga, n'kufunsa kuti ndi ya yani. Anakuuzani kuti ndi ya mwana wawo amene anamira m'nyanja kalekale, mtembo osapezeka. Inu munafunsa dzina lake. Ife tonse kuno tinaleka kumutchula mwana ameneyo, tinkati tisawakumbutse. Mayiwo anauza adzukulu kuti alaliki abwera ambiri, koma amene anafunsa dzina la mwana wanga ndi mmodzi."

Ndinalikumbuka tsikulo. Dzina lake anali Yotamu. Ine ndinangofunsa monga mwa chizolowezi changa, ndipo mayiwo analankhula nthawi yaitali, Ada Longwe akumasulira, ine ndikungomvetsera. Pochoka ndinadziona ngati sindinagwire ntchito, chifukwa sindinawalalikire kalikonse.

Masana amenewo anandiikira mpando pafupi ndi bokosi. Anthu anali atadzaza bwalo mpaka m'minda ya chinangwa. Ada Longwe anawerama, dazi lawo pafupi ndi pakamwa panga. Ndinalibe mphamvu ya ziganizo zitalizitali zija, ndinkanena mawu ochepa n'kupuma. Ndinati Mulungu saiwala dzina la munthu. Iwo anaweramuka n'kulengeza m'Chitonga. Ndinati ngakhale amene nyanja sinawabweze, Iye akudziwa pamene agona. Ndinati mayiwa anasunga nkhafi, koma Mulungu anasunga mwana wawo Yotamu. Atatchula dzinalo Ada Longwe, kumbali ya amayi kunamveka kulira, ndipo bambo wina wachikulire, amene ndinamva pambuyo pake kuti anali mnzake wa Yotamu m'bwato, anaphimba nkhope ndi chipewa. Nthawi zonse Ada Longwe akawerama, bwalo lonse linkati zii, aliyense atatchera khutu ngati kuti nayenso akhoza kumva. Tsiku limenelo sanathire mchere wambiri.

Mgonero unafika, akulu a mpingo anakhala pansi ndi abusa, ine ndili pakona. Abusa anali atamva kale za malirowo. Anati n'zolimbikitsa, koma anafunsa funso loona: "Nanga Ada Longwe akadwala, kapena akapita kukaona ana awo ku Mzuzu, mpingo udzamva chiyani?" Pamenepo anaimirira mtsogoleri wa amayi, Ama NyaChirwa, amene amagulitsa usipa wouma pamsika wa ku Mpamba. Anati, "Abusa, kodi mumpingo muno khutu ali nalo ndi Ada Longwe okha? Chichewa ndimagulitsira nsomba tsiku ndi tsiku, ndingalephere kunyamulira Mawu a Chiuta? Atiphunzitse, tizisinthana." Abusa anayang'ana akulu onse mmodzimmodzi, palibe anatsutsa. Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "A Mlaliki, zikuoneka kuti ntchito yawonjezeka."

Sikuti zinangoyenda myaa. Munthu sangamasulire bwino chimene sanachimvetse, ndiye pakati pa sabata ndinayamba kukhala ndi amene adzaweramire kwa ine Lamulungu, tikuwerenga limodzi ndime. Poti sindingalankhule zambiri, ndimawafunsa mafunso, iwo n'kumafukula okha. Ena anayamba n'kuthawa. Wina anachita mantha kuguwa mpaka kuiwala Chitonga chake chomwe, n'kubwereza Chichewa changa mokweza, mpingo wonse kuseka. Mawu anga anabwererako pang'ono, okwanira kucheza ndi munthu pakhonde, koma kuimba ndinalekeratu, ndipo pali nyimbo zina zimene zikayamba mtima umandiwawabe.

Mwezi wathawu chifuwa chinandigwira, ngakhale kamawu kotsalako kanathawa. Ndinapita kutchalitchi ndikudandaula kuti lero anthu abwerera ndi njala. Ama NyaChirwa anandipeza pakhomo n'kundiuza kuti, "Khalani pansi, Ada, lero mupume." Anapita kuguwa okha, popanda mpando pambali pawo, popanda woweramira. Analalikira ulaliki wonse m'Chitonga, kuchokera mumtima mwawo, ndipo zina zimene ananena ine sindinaziganizepo n'kale lonse. Ndinakhala pampando wakumbuyo misozi ikutsika, osaipukuta. Ada Longwe, amene anakhala pafupi nane, anasendera n'kuyamba kundimasulira m'khutu.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye. Ndikuthokoza mayi a kunyumba amene anapirira nane, ndi mpingo wa kunyanja kuno umene unandinyamula. Kwa iwo ndikuti yewu, monga amathokozera eni ake. Kwa inu amene mukutumikira ndipo chimene munkadalira chakuthawani, kaya ndi thanzi, kaya mphamvu, kaya udindo, musafulumire kulongedza. Mufunseni Mwini ntchito, ndipo poyembekezera yankho yang'anani amene aima pafupi nanu. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.