Injini Yaulemu ya a Saidi

Zaka zija mafoni asanagwere m'manja mwa aliyense, inu anyamata a kabaza musanabadwe, malemu amuna anga a Saidi anali ndi kapikiapu kachikalekale kamene tinkapikulira chambo ku Chia n'kudzagulitsa mumsika muno. Kanali kankhalamba kuposa apongozi anga, ndipo injini yake ikalira mbuzi zinkadula zingwe. Koma phokosolo ndilo linkatidyetsa, ife osadziwa. Asodzi ali pakati pa madzi ankatimva tikadali kutali n'kuyamba kupalasa, ndipo pofika ife padooko tinkapeza mabwato atakocheza kale, chambo chikuphiriphitha. Inu lero mumangoimba foni, ife foni yathu inali imeneyo.

Ndiye a Saidi anatopa ndi kusekedwa pamzikiti Lachisanu lililonse. Makaniko wina wa ku Benga anawanyengerera kuti aikemo injini ya galimoto yamakono imene inagubuduzika pamsewu, ndipo anadula zitsulo, kuwotcherera, kumenya ndi hamala mpaka inalowa. Musaseke, inalowadi! Kagalimoto kanayamba kuyenda mwaulemu ngati mkamwini watsopano, a Saidi chigongono pawindo, kupatsa moni ngakhale anthu amene anayambana nawo.

Tsiku loyamba tinafika ku Chia, padooko pali zii. Mabwato ali kutali uko, asodzi akudikira phokoso lathu, ife tikudikira iwo. Asodziwo anatopa n'kukagulitsa kwa anthu a njinga kudooko lina. Mawa lake chimodzimodzi. A Saidi analiza hutala mpaka chala kuwawa, koma asodzi ankayesa ndi minibasi yoitana anthu a ku Salima. Benchi langa mumsika linauma, makasitomala anga n'kusamukira kwa amayi oyandikana nane, amene ankandifunsa tsiku ndi tsiku ngati galimoto yadzuka bwino. Zinandiwawa kwabasi, ndipo kunyumba ana anayamba kudyera chigwada chokhachokha.

Ndinawauza a Saidi kuti abwezeretse injini yakale, iwo anayang'ana pansi n'kunena kuti ogula zitsulo anainyamula kalekale. Kenaka anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana beseni langa lalikulu lotsukira nsomba.

"Mayi a Mariamu, kodi manja anu ali bwinobwino?"

Basi, kuyambira pamenepo ndinkakhala kumbuyo kwa kapikiapu, beseni pamiyendo, chitsulo m'manja, kulimenya kuchokera pamsewu waukulu mpaka padooko, mwini wake ali phee kutsogolo akumvera kukoma kwa injini yake. Asodzi anazolowera, chambo chinabwerera, Mariamu anamaliza sukulu. Koma ku Chia mpaka lero akuluakulu sanditchula dzina, amangoti a Injini.

Tsono ana anga, musanataye chinthu chakale muzifunsa kaye kuti chimagwiranso ntchito yanji pakhomo, chifukwa ntchitoyo idzagwera munthu, kawirikawiri mkazi. Iwe wa chipewa chofiira, ukundifunsa chiyani? Zungulira mbali iyi, khutu ilo linapita ndi beseni.